Kuimika Mlongoti wa Wailesi ndi Kuusamala

Wailesi mumaidziwa. Ili m'nyumba zambiri. Timaitsegula m'mawa, timamva nkhani ndi nyimbo, koma sitingaiyankhe. Iyo imalankhula, ife timangomvetsera.

Pali wailesi ina imene munthu amalankhulapo, mnzake wa kutali n'kumuyankha. Siidalira nsanja za mafoni, ndipo sifuna ndalama zoimbira. Imafuna batire, waya ndi mlongoti. Anthu ena amaphunzira ntchito ya wailesi yotere mwa kufuna kwawo, osalandira malipiro. M'Chipwitikizi munthu wotere amatchedwa radioamador. Anthu amenewa ndiwo anaonetsa dziko kuti mafunde aafupi amafika kutali ndi mphamvu yochepa. Mu Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice, ku France, anatumizirana mauthenga ndi Fred Schnell wa ku America, nyanja ya Atlantic ili pakati pawo.

Mu Malichi 2019 namondwe Idai anagunda mzinda wa Beira. Magetsi anazima, mafoni anangoti zii kwa masiku angapo. Munthu sankatha kuuza m'bale wake wa ku Tete kuti ali moyo. Pa nthawi yotere batire la galimoto ndi waya wa mamita 20 zingathe kutulutsa mawu. Koma zingatero ngati mlongoti sunagwe, kapena ngati mwini wake anautsitsa namondwe asanafike, n'kuuimikanso mphepo itatha. M'phunziro lino tiona mmene tingaimikire mlongoti woti tizitha kuutsitsa, kuuyang'ana ndi kuuimikanso, popanda munthu kuvulala.

Choyamba ndi chilolezo

Kumvetsera sikusokoneza munthu. Kulankhula pa mafunde ndi nkhani ina, chifukwa mumlengalenga muli mauthenga a ndege, a zombo ndi a apolisi. Wolankhula ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma. Kuno ku Mozambique bungwe loyang'anira mafunde ndi INCM. Wolandira chilolezo amapatsidwa dzina la pa wailesi, la zilembo ndi manambala. Mukamva dzina loyamba ndi C9, ameneyo ndi wa kwathu kuno. La ku Malawi limayamba ndi 7Q, la ku Zambia ndi 9J.

Kambiraninso ndi amfumu ndi anansi musanakumbe dzenje. Mlongoti ndi chinthu choonekera patali. Anthu akapanda kudziwa ntchito yake, tsiku limene mphezi idzagunda mtengo m'mudzi, mlandu udzakhala wanu.

Waya ali ndi muyeso wake

Wailesi ikamalankhula imatumiza mafunde osaoneka. Amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, monga kuwala. Chimene chimawatulutsa ndi kuwalandira ndi waya wotchedwa antena. Antena ndiyo pakamwa pa wailesi, ndiyonso khutu lake. Munthu wa makina odula koma antena yoipa amagonja kwa mnzake wa makina akale amene anayeza waya wake bwino.

Ambiri amaganiza kuti waya akatalika kwambiri ndiye kuti mawu afika kutali. Si choncho. Ganizani za bangwe kapena gitala: utali wa chingwe ndiwo umasankha liwu. Antenanso ili ndi utali woyenerana ndi mafunde amene mukufuna.

Mafunde amayesedwa ndi muyeso wotchedwa megahertz, umene timalemba MHz. Mwina munaona zilembo zimenezi pa galasi la wailesi ya kunyumba. Eni chilolezo anapatsidwa magawo awoawo, monga kuyambira 7.0 mpaka 7.2 MHz, ndiponso kuyambira 14.0 mpaka 14.35 MHz. Antena yosavuta koposa ndi waya wodulidwa pakati, kukhala manja awiri ofanana. Dzina lake ndi dipolo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tengani 143, mugawe ndi nambala ya MHz. Yankho lake ndi utali wa waya yense m'mamita.

143 ÷ 7.15 = 20

Ndiye kuti pa 7.15 MHz waya yense ndi mamita 20, dzanja lililonse mamita 10. Tsopano yesani nokha m'kope: pa 14.3 MHz waya akhale wotalika bwanji? Ngati mwapeza mamita 10, dzanja lililonse mamita 5, mwakhoza.

Podula, onjezani masentimita 30 ku dzanja lililonse. Nthaka, mitengo ndi madenga a malata zimasintha muyeso pang'ono, choncho nambala ya m'kope ndi poyambira chabe. Antena ikakwera, imayesedwa ndi kachipangizo kotchedwa mita ya SWR. Kamaonetsa mphamvu imene ikubwerera ku wailesi m'malo motuluka. Kakaonetsa pansi pa 2, zili bwino. Kakapitirira 3, tsitsani waya, mufupikitse masentimita 5 mbali zonse ziwiri, muyesenso. Musafulumire kudula. Pindani nsonga ya waya n'kuipota pa waya yemweyo, kuti mukalakwitsa mupotolole.

Waya wamkuwa amene amisiri amaika m'nyumba za magetsi ndi wokwanira. Pakati pa manja awiri ndi ku nsonga zawo pamafunika chinthu chosapititsa magetsi. Chidutswa cha paipi ya pulasitiki choboola mabowo awiri chimagwira ntchito imeneyi. Mbali ina mumanga waya, mbali ina chingwe chokokera.

Kuchokera pakati pa antena kufika m'nyumba pamayenda chingwe chakuda chotchedwa coax. M'kati mwake muli waya mmodzi, ndipo kunja kwake kuli timawaya tolukana ngati mphasa. Waya wa m'kati apite ku dzanja limodzi, wolukana ku dzanja linalo. Polumikizapo wotchererani ndi mtovu, musangopota. Mdani wa chingwe chimenechi ndi madzi. Akalowa pamwamba amatsika m'kati pang'onopang'ono, mkuwa n'kuda, mawu n'kuchepa mwezi ndi mwezi, mwini wake n'kumanamizira wailesi. Kulungani polumikizapo ndi tepi yakuda kangapo, pakamwa pa chingwe payang'ane pansi. Chingwe chisanalowe m'nyumba, chitsike pang'ono kenako chikwere, kuti madzi a mvula adonthere panja.

Kodi mlongoti utalike bwanji?

Kutali mumlengalenga, makilomita mazana angapo pamwamba pathu, kuli mpweya wosintha chifukwa cha dzuwa. Mpweya umenewu umabweza mafunde aafupi kuti agwerenso pansi. N'chifukwa chake mawu amadumpha mapiri. Antena ya 7 MHz ikakhala m'munsi, mamita 5 mpaka 10, mafunde ambiri amakwera molunjika m'mwamba n'kugwa ngati mvula m'dera lozungulira, mpaka makilomita pafupifupi 400 masana. Wofuna kulankhula kuchokera ku Ulongwe kupita ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre safunika kuposa apa. Wofuna kufika ku Ulaya kapena ku Brazil amagwiritsa ntchito 14 MHz, antena ili pa mamita 10 kapena kuposerapo.

Choncho mlongoti wa mamita 10 ndi wokwanira pa ntchito zambiri, ndipo umodzi ukwana. Pakati pa antena pakhale pa nsonga ya mlongoti, manja atsikire mbali ziwiri ngati denga la nyumba. Manja asayandikane kwambiri: ngodya ya pamwamba isachepere ngodya ya buku. Nsonga za waya zikhale mamita 3 kuchokera pansi. Wailesi ikamalankhula, ku nsongako ndi kumene magetsi amaluma kwambiri, ndipo mwana akagwira amapsa.

Pali antena ina yooneka ngati minga ya nsomba, yonga ya wailesi yakanema pa madenga. Anaipanga ku Japan mu 1926 Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi. Imalunjika mawu mbali imodzi, koma ya mafunde amenewa ndi yaikulu, imakola mphepo yambiri, ndipo imafuna nsanja yachitsulo. Woyamba kumene aisiye kaye.

Malo oimikapo

Musanayang'ane pansi, yang'anani m'mwamba. Kodi pali mawaya a magetsi? Ngozi imene yapha oimika antena m'maiko ambiri ndi imeneyi: mlongoti kupendekeka n'kugunda waya wa magetsi, anthu ataugwira. Magetsi amphamvu sayembekeza kuti mukhudze, amadumpha. Mtunda wochokera pa tsinde la mlongoti kufika pa mawaya ukhale utali wa mlongotiwo kawiri. Ngati ndi wa mamita 10, mtunda ukhale mamita 20. Antena isadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi, ndipo isamangidwe pa mtengo wa magetsi. Ngati malo otere palibe pakhomo panu, musaimike.

Kenaka imani pamene mukufuna kukumba, muganize kuti mlongoti wagwa. Ugwera pati? Usagwere pa nyumba yogona, pa njira ya ku chitsime, kapena pa bwalo pamene ana amasewera.

Mtengo wamoyo ungagwire nsonga imodzi ya antena, koma umagwedezeka ndi mphepo n'kudula waya. Pititsani chingwe chokokera pa kagudumu komangirira ku nthambi, ndipo kumapeto kwake mulendewetse chitini cha mchenga. Mtengo ukagwedezeka, chitini chimakwera ndi kutsika, waya osaduka.

Tsinde lotha kugona

Mlongoti ungakhale wa bulugamu wouma ndi wowongoka, wa nsungwi zokhwima zolumikiza, kapena wa mapaipi a madzi achitsulo, yaing'ono yolowetsa m'yaikulu. Nsungwi n'zopepuka ndipo sizidula, koma sizikhalitsa panja. Mapaipi amakhalitsa, koma amapindika polumikizira ngati palibe zingwe zowachirikiza.

Pamene ndinkaphunzitsa akuluakulu kuwerenga m'mudzi wina wa ku Angónia, ndinathandiza bambo wina wa chilolezo kuimika mlongoti wa bulugamu. Tinaukwirira m'dzenje ngati mzati wa nyumba, n'kutsendera dothi. Unaima bwino, tinaunyadira. Itatha mvula yachiwiri unagwa usiku n'kuphwanya denga la khola la mbuzi. Pamwamba mtengo unali wabwinobwino. Pansi chiswe chinali chitadya, kungosiya khungu. Palibe mmodzi wa ife amene anafukulapo kuti aone.

Kuyambira pamenepo ndimati mlongoti usakwiriridwe. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi. Imikanimo mizati iwiri yaifupi, yachitsulo kapena ya mtengo wolimba wopaka phula, yotuluka pamwamba mita imodzi ndi theka. Pakati pake pakhale mpata wokwana tsinde la mlongoti. Thirani konkire: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala yophwanya. Muzithirira madzi tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu musanaikepo katundu.

Boolani mizati iwiri ija pamodzi ndi mlongoti malo awiri, m'munsi ndi pamwamba. M'mabowomo mulowetse zitsulo zokhuthala zomanga ndi nati, zimene amisiri amati mabawuti. Tsinde la mlongoti lisakhudze nthaka, likhale m'mwamba ngati chikhatho chimodzi. Mukachotsa chitsulo cha pamwamba, mlongoti umazungulira pa cha m'munsi monga chitseko, n'kugona pansi. Pa nsonga yake mangani kagudumu ndi chingwe, monga pa mtengo wa mbendera kusukulu. Mukatero antena mumaikweza ndi kuitsitsa muli pansi, ndipo palibe chifukwa choti munthu akwere.

Zingwe ndi zikhomo

Chimene chimagwetsa mlongoti si kulemera kwake koma mphepo. Mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, imawirikiza kasanu ndi kanayi. Mlongoti umene wapirira mwera wa mu Julayi sindiye kuti upirira mkuntho wa mvula yoyamba.

Ngakhale akatswiri anaphunzira zimenezi zitawagwera. Mu 1901 Guglielmo Marconi anaimika milongoti 20 mozungulira ku Poldhu, ku England, uliwonse wotalika mamita 61. Milongotiyo inali yomangirirana, wina kudalira unzake. Pa 17 Seputembala chimphepo chinawomba, mbali imodzi inagonja n'kukoka inzake, ntchito yonse n'kugwa. Anaimikanso milongoti iwiri yokha. Pa 12 Disembala chaka chomwecho Marconi ali ku Newfoundland, tsidya lina la Atlantic, anakweza waya wake ndi kaiti, ndipo ananena kuti wamva chilembo S chochokera ku Poldhu, mtunda woposa makilomita 3,000. Mlongoti uliwonse ukhale ndi zingwe zakezake zopita pansi, ndipo chingwe chilichonse chikhale ndi chikhomo chodalirika.

Zingwe zochirikiza zikhale mbali zitatu zotalikirana mofanana, kapena mbali zinayi. Kupeza malo atatu ofanana n'kosavuta. Mangani chingwe cha mamita 6 pa tsinde, mujambule bwalo pansi. Ndi chingwe chomwecho yesani m'mphepete mwa bwalolo, chizindikiro ndi chizindikiro. Mupeza zizindikiro 6. Tengani chimodzi, mudumphe chimodzi. Koma kwa mlongoti wogona ndi kudzuka ine ndimasankha mbali zinayi, chifukwa zingwe ziwiri za m'mbali zimamangidwiratu mlongoti uli pansi, ndipo sungapatukire kumanja kapena kumanzere pokwera.

Chikhomo chisayandikire tsinde. Chikayandikira, chingwe chimakokera mlongoti pansi m'malo mougwira m'mbali. Pa mlongoti wa mamita 10, zikhomo zikhale mamita 6 mpaka 8 kuchokera pa tsinde. Mukamanga chingwe pa mamita 8 m'mwamba, chikhomo chili pa mamita 6, chingwecho chikhala cha mamita 10. Onjezani mita imodzi ya mfundo. Zingwe zina zimangidwe pakati pa mlongoti, pa mamita 4, kuti usapindike m'chiuno.

Chikhomo chongokhomera chimaoneka cholimba m'chilimwe, nthaka ili gwa. Mu Januwale nthaka ikafewa chimazuka ngati chinangwa. Kumbani dzenje lakuya masentimita 80. Gonekanimo chitsulo chachikulu mopingasa, kapena thiranimo konkire. Ndodo yachitsulo yokhala ndi diso ituluke mopendekera, kuloza ku nsonga ya mlongoti, njira imodzi ndi chingwe.

Chingwe chabuluu cha pa msika chimapsa ndi dzuwa, chimafumbutuka n'kuduka mosachenjeza. Cha nailoni chimatamuka. Chabwino ndi chakuda cha poliyesitala. Waya wachitsulo wosachita dzimbiri msanga ndi wolimba koposa, koma amasokoneza antena ngati utali wake wafanana ndi dzanja la antenayo. Muduleni zidutswa zazifupi, n'kuzilumikiza ndi zotchinga magetsi zolimba zadothi lowotcha, zooneka ngati dzira. Apa paipi ya pulasitiki siyenera, ingang'ambike. Zingwe zisakungike ngati za gitala. Zingowongoka, zonse mofanana. Mangiriranipo nsalu zoyera m'munsi kuti woyenda usiku asakolepo khosi.

Tsiku loimika

Sankhani m'mawa wopanda mphepo, kunja kopanda mitambo yakuda. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana. Ana ndi oonerera akhale kutali. Wolamula akhale mmodzi, ndipo iyeyo asagwire kanthu, ntchito yake ikhale kuona ndi kulankhula. Akati imani, onse aime.

Zonse zimangidwe mlongoti uli pansi: zingwe, kagudumu, chingwe chokwezera antena. Chitsulo cha m'munsi chilowe m'malo mwake. Awiri anyamule nsonga n'kumayenda cholowera ku tsinde, akukankha ndi mtengo wa mphanda. Awiri akoke chingwe cha kutsogolo. Mmodzi agwire cha kumbuyo, azichimasula pang'onopang'ono, kuti mlongoti ukafika pamwamba usapitirire n'kugwera okoka. Poyamba m'pamene pamalemera kwambiri. Munthu asakulunge chingwe pa dzanja. Zikavuta, wolamula afuule, onse athawire m'mbali. Musayese kuwakha mlongoti ukugwa.

Ukaima, lowetsani chitsulo cha pamwamba, mumange zingwe ku zikhomo. Kuti muone ngati wawongoka, imani patali mutagwira ulusi womangirira mwala, muyerekeze ndi mlongoti. Chitani zimenezi mbali ziwiri.

Mphezi

Mphezi ndi magetsi a m'mitambo ofuna njira yopita m'nthaka. Imakonda zinthu zazitali, ndipo ingagunde malo amodzi kangapo. Sitingailetse, koma tingaipatse njira ya panja kuti isadzere m'nyumba.

Khomerani pansi ndodo yachitsulo yokutira mkuwa, ya mamita 2.4, pafupi ndi tsinde. Ilumikizeni ndi mlongoti wachitsulo ndi waya wamkuwa wonenepa, waufupi, wosakhotakhota. Ngati mlongoti ndi wamtengo, wayayo akwere mpaka ku nsonga. Ndodo ina ikhale pamene coax ikulowera m'nyumba, yolumikizidwa ndi waya wolukana uja. Ndodo zonse zilumikizane, pamodzi ndi ndodo ya magetsi a m'nyumba ngati ilipo. Nthaka youma ya miyala siimwa magetsi bwino, ndipo pamenepo pamafunika ndodo zingapo zotalikirana.

Musadalire ndodo zokha. Mukatha kulankhula m'nyengo ya mvula, chotsani coax ku wailesi, muitulutse panja, kutali ndi khoma. Chitani zimenezi mitambo isanafike. Mabingu akayamba, musagwirenso chingwe chilichonse. Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi mpaka mumve bingu. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, siyani ntchito ya panja, mulowe m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Nsanja yachitsulo

Ena amapeza nsanja ya miyendo itatu yolukana ndi zitsulo, yotalika mamita 15 kapena 20. Imeneyi si ntchito yongoyerekeza. Wopanga nsanja amalemba kukula kwa dzenje, kuchuluka kwa zitsulo za m'konkire, malo a zingwe, ndi kukula kwa antena imene nsanjayo ingasenze. Tsatirani zolembedwazo. Konkire amafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Nsanja yogula kwa munthu wina, yopanda mapepala ake, ndiponso ya dzimbiri m'kati mwa miyendo, ine sindingaikwere.

Wokwera akhale wophunzitsidwa. Avale chisoti cholimba ndi malamba ogwira mapewa ndi ntchafu, okhala ndi ngowe ziwiri, kuti pamene akusuntha imodzi inayo ikhale itakola. Lamba wa m'chiuno yekha sakwanira, chingwe cha ng'ombe ndiye ayi. Asakwere ali yekha, atamwa mowa, kapena zitsulo zili zonyowa. Wailesi ikhale yozimitsa, batire litachotsedwa. Wa pansi avalenso chisoti ndipo asaime kunsi kwa mnzake, chifukwa sipanala yogwa kuchokera mamita 15 imaswa mutu.

Kusamala

Kawiri pa chaka mlongoti utsike: mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Epulo kapena Meyi ikatha. Potsitsa pafunika anthu omwe aja ndi dongosolo lomwe lija.

Yambani pansi, chifukwa zoopsa zimabisala kumeneko. Fukulani dothi mozungulira ndodo ya chikhomo chilichonse, kuya kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Chitsulo chimadyeka kwambiri pamene chalowera m'nthaka, pomwe pamwamba chikuoneka chatsopano. Ngati chawonda, sinthani. Bayani mizati yamtengo ndi mpeni m'munsi mwake. Mpeni ukalowa mosavuta, mtengowo watha. Gumulani njira za chiswe. Pamwamba pa konkire pasadikhe madzi.

Kenaka yendani ndi chingwe chilichonse m'manja kuyambira ku chikhomo mpaka ku nsonga. Cha ulusi chikamasiya fumbi m'manja, chapsa. Cha waya chikakhala ndi timawaya toduka tobaya, chatha. Yang'anitsitsani pamene chingwe chimakhuzana ndi chitsulo. Lambulani udzu mozungulira zikhomo moto wolusa usanayambe, chifukwa moto umodzi wa osaka mbewa umadula zingwe zonse nthawi imodzi. Mbuzi ndi ng'ombe zisamangidwe ku zikhomo.

Pa mlongoti wachitsulo palani dzimbiri, mupake utoto. Limbitsani manati, mupake girisi pa kagudumu. Pamene mkuwa wakhudzana ndi aluminiyamu pamatuluka ufa woyera, ndipo magetsi sadutsa bwino. Palanipo, mulekanitse zitsulo ziwirizo ndi kachitsulo kosachita dzimbiri. Masulani tepi ya pa coax. Mkuwa ukakhala wowala, kulunganinso ndi tepi yatsopano. Ukakhala wakuda kapena wobiriwira, madzi analowa. Dulani chingwe mpaka mufike pamene mkuwa ukuwala.

Posintha chingwe chochirikiza mlongoti uli chiimire, mangani chatsopano choyamba, chikungike, kenaka mumasule chakale. Ku Konstantynów, ku Poland, kunali mlongoti wa wailesi wa mamita 646, womalizidwa mu 1974. Pa nthawi yake padziko lonse panalibe chomangidwa ndi anthu chotalika kuposa umenewo. Unaima zaka 17. Pa 8 Ogasiti 1991 amisiri ankasintha zingwe za pamwamba. Chingwe chimodzi chachikulu chinali chitamasulidwa, zogwirizira zisanamangidwe bwino. Kunabwera mphepo, mlongoti unapotoka, unathyoka n'kugwa. Mwamwayi sipanafe munthu.

Sungani kope la mlongoti. Lembanimo tsiku limene munaimika, utali wa dzanja lililonse la antena, tsiku limene munasintha chingwe, ndi nambala imene mita ya SWR inaonetsa. Muziyesa kamodzi pa mwezi, pa MHz yomweyo. Nambala ikasintha inu musanakhudze kanthu, ndiye kuti panja pali chimene chasintha: waya watamuka, nthambi yakula n'kukhudza, kapena madzi alowa.

Wailesi ya m'nyumba ikalengeza kuti kukubwera namondwe, musadikire kuti muone mphamvu yake. Itanani anzanu mphepo isanayambe. Tsitsani antena, mukulunge waya ndi coax, muziike m'nyumba pamalo ouma pamodzi ndi batire lodzaza. Chotsani chitsulo cha pamwamba, mugoneke mlongoti pa mitengo iwiri yopingasa kuti usakhale m'matope, n'kuumangirira pansi. Zingwe za m'mbali zisiyeni zili ku zikhomo zake, kuti mphepo ikadutsa mudzangokoka cha kutsogolo.